Mphekesera ya anamapopa, foni ndi andale

Zikomo a gulupu, mafumu onse, akuluakulu a mipingo ndi mizikiti, amayi ndi abambo. Achinyamata mwaima kumbuyoko, senderani kuno kumthunzi, chifukwa mafoni ambiri ali m'matumba mwanumo.

Andipempha kuti ndilankhule za nkhani zabodza ndi ndale, ndiye sindipita kutali. Kuno ku Phalombe palibe amene anaiwala chaka cha 2017. Kuyambira mwezi wa September kunamveka kuti kwabwera anamapopa. Anthu anasiya kugona m'nyumba, anyamata anatseka misewu ndi miyala ndi zipika, galimoto iliyonse yachilendo kuiimitsa n'kuisecha. Zinafalikira ku Mulanje, Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka mu mzinda wa Blantyre, kumene mnyamata wodwala khunyu anagendedwa ndi kutenthedwa. Anthu osachepera asanu ndi atatu anaphedwa. Bungwe la United Nations linachotsa antchito ake kuno ndi ku Mulanje. Madokotala anadandaula kuti ena mwa iwo akuchitidwa chipongwe chifukwa chonyamula kachipangizo komvetsera kugunda kwa mtima kaja, ndipo ma ambulansi anagendedwa. Pa onse anaphedwawo, palibe ngakhale mmodzi amene anapezeka ndi magazi a munthu.

Ena mukuti foni ndi zimene zinabweretsa zonsezi. Ayi. Akuluakulu muli pano mundichitire umboni. Kumapeto kwa 2002, WhatsApp kulibe, Facebook kulibe, mphekesera yomweyi inabuka kuno kummwera. Inali nthawi ya njala, ndipo anthu ankati boma likupereka magazi a anthu kwa mabungwe akunja posinthana ndi chimanga. Mu January 2003 a Eric Chiwaya, amene anali gavanala wa chipani cha UDF mu mzinda wa Blantyre, anagendedwa powaganizira kuti akusunga anamapopa. Nthawi imeneyo nkhani inkayenda pa njinga, mu minibasi, pa chigayo, pa maliro.

Taonani zimene andale anachita nayo. A Bakili Muluzi anati mphekeserayo aipeka ndi otsutsa kuti aipitse boma. Mtolankhani wa wailesi ya MIJ anamangidwa chifukwa choulutsa mawu a munthu amene ankati anamapopa anamupeza. Kodi anthu anakhazikika mtima? Kumanga mtolankhani kunangopangitsa ambiri kunena kuti, mwaona, chilipo chimene akubisa. Ine ndimati apa ndi pamene boma lililonse limalakwitsa. Munthu wanjala, amene kuchipatala akumuuza kuti mankhwala atha, amene makuponi anamudumpha, mukamuopseza ndi apolisi sasiya kukhulupirira mphekesera, amangosiya kukuuzani.

Ndiye foni inasintha chiyani? Liwiro, inde, koma chachikulu n'chakuti inachotsa nkhope. Kale wobweretsa nkhani tinkamudziwa. Akakhala uja wokonda kachasu, tinkati kandimverere anakanena za m'maluwa, n'kuseka, nkhani n'kuthera pomwepo. Lero kumabwera voisi noti. Mawu a mayi akulira, akupuma mwabefu, "abale anga, zachitika pompano, tumizirani aliyense amene mumamukonda." Dzina sanena, mudzi sanena, tsiku sanena. Koma yakupezani kudzera kwa mlamu wanu ali ku Johannesburg, kapena pa gulupu ya kwaya, ndiye inu mukukhulupirira mlamuyo, pamene iyenso sakumudziwa mayi wolirayo.

Ku India mu 2018 anthu anaphedwa chifukwa cha mauthenga a pa WhatsApp onena za akuba ana, mpaka eni ake a WhatsApp anachepetsa kuti uthenga uzitumizidwa malo asanu okha pa nthawi imodzi. Mukaona timivi tiwiri pamwamba pa uthenga, ndiye kuti wadutsa m'manja ambiri usanafike kwa inu. Achinyamata muwaonetse agogo timivi timeneti mukafika kunyumba.

Tsono ndibwere pa ndale zenizeni. Pali mtundu wa wandale, ndipo amapezeka m'zipani zonse, amene chakudya chake ndi mkwiyo wanu. Salankhula za mtengo wa feteleza ndi kumene ndalama zake zichokere, poti zimenezo n'zovuta ndipo sizikuwizitsa anthu. Amati, ine ndekha ndiye wanu, atolankhani onse anagulidwa, makhothi anagulidwa, a mtundu uja ndi amene akukudyerani. Mukangovomera zimenezo, palibenso amene angamutsutse, chifukwa aliyense wobweretsa umboni ndiye kuti wagulidwanso. Ndipo Facebook imakankhira patsogolo zimene anthu akukanganirana kwambiri, popeza mukamakhalitsa pamenepo ndi pamene iwo amagulitsa malonda. Chithunzi cha msonkhano wa dziko lina amachilemba kuti ndi ku Njamba dzulo. Kalata yopeka amaiika chidindo cha boma. Bandulo yogula ndi ndalama ya nandolo wanu ndi imene imafalitsa.

Abambo uko mwafunsa kuti, nanga zonse za pa foni n'zabodza? Ayi ndithu, ndipo mwafunsa bwino. Mu 2019 zithunzi za mapepala a zotsatira za chisankho cha pulezidenti zofufutidwa ndi Tippex zinayenda pa mafoni omwewa, ndipo zinali zoona. Koma taonani kumene zinakathera. Zinapita ku khothi, mboni zinalumbira, maloya a mbali zonse anazifunsa mafunso, dziko lonse likumvera pa wailesi, ndipo pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankhocho. Nkhani ya Tippex inali ndi pepala, malo oponyera voti, ndi munthu woti n'kumufunsa. Ya anamapopa inali ndi "akuti" basi.

Choncho uthenga ukafika, musafulumire chala. Muimbireni amene watumizayo, mumufunse ngati waona yekha. Akati wamva, mufunseni kwa yani. Ngati ukutchula mudzi, mudzi umenewo uli ndi mfumu, uli ndi alangizi a zaumoyo, ndipo nambala zawo zimapezeka. Tsegulani wailesi ziwiri kapena zitatu, osati imodzi, poti ya boma ili ndi kopendekera kwake, za eni ake nazonso zili ndi kwawo. Dziwaninso kuti kuyambira 2016 kuli lamulo la zochitika pa intaneti, ndipo anthu amangidwapo chifukwa cha zimene analemba pa magulupu. Lamulolo nthawi zina amaligwiritsa ntchito potseka pakamwa odzudzula boma, zimene ine sindigwirizana nazo, koma lilipo, ndipo ma adimini a magulupu mulidziwe.

A mfumu, ine ndaona amayi awiri akweza manja mbali iyi. Mukandilola, ayambe iwowo.