Kalembera akakudumphani, mzinda wanu umaluza chiyani?

(Pa sikirini: nambala 89)

Moni nonse amene mukutionera. Mu kalembera wa 2020 ku America, chigawo cha New York chikanangokhala ndi anthu ena 89, sichikanaluza mpando umodzi ku Nyumba ya Malamulo. Anthu 89 okha, m'chigawo cha anthu oposa 20 miliyoni!

Ku America kalembera amachitika zaka 10 zilizonse, ndipo mipando 435 ya aphungu amaigawa potengera chiwerengero cha anthu m'chigawo chilichonse. Manambala omwewo ndi amene amadulira malire a madera a aphungu ndi makhansala. Ndalama nazonso zimayenda njira yomweyo. Bungwe lochititsa kalembera la Census Bureau linanena kuti m'chaka cha boma cha 2021, madola oposa 2.8 thiriliyoni anagawidwa potsatira manambalawa, ndalama za chithandizo cha kuchipatala, chakudya cha mabanja osauka, misewu ndi masukulu.

Kalembera wa 2020 anapeza anthu 331 miliyoni. Bungweli litachita kafukufuku wodziyesa lokha, chiwerengero cha dziko lonse chinaoneka kuti chili bwino ndithu. Koma kuseri kwa nambala yokongolayo kuli zowawa. Anthu akuda anaperewera ndi 3.3 peresenti, ochokera ku Latin America ndi pafupifupi 5 peresenti, pamene azungu anawerengedwa mopitirira ndi 1.64 peresenti. Kuperewera kwa ena kunakwiriridwa ndi kuchuluka kwa ena, ndipo nchifukwa chake sindikhulupirira munthu akamati kalemberayu anayenda bwino.

(Pa sikirini: nyumba imodzi, zitseko zitatu)

Tayang'anani nyumba iyi. M'kaundula wa boma ili ndi adiresi imodzi, koma mwini wake anaidula patatu. Pamwamba pali banja, pakati anyamata awiri ogwira ntchito usiku, pansi mayi ndi kamdzukulu kawo. Fomu imafika imodzi. Woilandira amalemba a m'banja lake basi. Mlembi akabwera kudzagogoda masana, anyamata aja ali mtulo, mayi aja satsegula chifukwa landilodi anawachenjeza kuti asaulule zoti pansipo pamakhala anthu. Mlembi akalephera kangapo amafunsa woyandikana nawo, amene amangoyerekeza. Kamwanako nkosavuta kukaiwala, poti amati kangobwera kudzakhala kwa agogo kwa kanthawi. Ana osakwana zaka zisanu anaperewera ndi 5 peresenti nkupitirirako. Pomwe munthu wa nyumba ziwiri, ina m'tauni ina kunyanja, akhoza kulembedwa kawiri.

Chaka chimenecho kunalinso Covid-19, komanso mantha. Boma la Donald Trump linkafuna kuika funso lakuti kodi ndinu nzika. Khothi lalikulu linakana mu 2019, koma mantha anali atalowa kale m'mabanja a anthu obwera.

Mzinda umene unakana kukhala chete ndi Detroit, kumene anthu oposa atatu mwa anayi aliwonse ndi akuda. Kalembera anaupatsa anthu 639,111. Meya wake pa nthawiyo, Mike Duggan, anati ayi, nambala imeneyi njoperewera. Akatswiri a University of Michigan ndi Wayne State University anafufuza madera 10 a mumzindamo nkupeza kuti nyumba zokhalamo anthu zinaperewera ndi pafupifupi 8 peresenti. Mu 2022 mzindawu unakasuma kukhothi.

Mwina mukufunsa kuti, ngati cholakwika chikudziwika, bwanji osangokonza? Ku South Africa amatero. Kalembera wawo wa 2022 anadumpha anthu pafupifupi 31 peresenti, ndipo nambala ya 62 miliyoni imene analengeza njokonzedwa kale ndi masamu. Abale athu okhala m'timanyumba ta kuseri kwa mipanda ku Johannesburg akudziwa mmene mlembi amadutsira pageti osalowa. Koma ku America, khothi lalikulu linagamula mu 1999 kuti pogawa mipando ya aphungu, manambala oyerekeza kuchokera pa kafukufuku saloledwa. Amene walembedwa ndiye alipo. Choncho ngakhale zinadziwika kuti Florida inaperewera ndi pafupifupi 3.5 peresenti, Texas ndi pafupifupi 2 peresenti, mipando sinasunthe.

Detroit inapindulako pang'ono. Kupatula kalembera, Census Bureau imatulutsa manambala oyerekeza chaka ndi chaka, amene ndalama zambiri zimatsata, ndipo amenewa mzinda utha kuwatsutsa. Mu 2024 anasonyeza kuti anthu a mu Detroit achuluka koyamba chichokereni 1957. Koma chigawo cha Michigan, kumene kuli mzindawu, chinatsika kuchoka pa aphungu 14 kufika pa 13, ndipo nambala imeneyi siingasinthe mpaka kalembera wa 2030 atachitika.