Eyakilina ya mphamvu pa misewu yathu ya fumbi: musanachotse bokosi, onerani izi

[Boneti yotsegula, kumbuyo kukuoneka minda ya tiyi]

Muli bwanji nonse amene mukuonera? Lero tili kuno ku Thyolo. Galimoto mukuionayi mwini wake anasintha kale ekizozi, ndipo tsopano akufuna achotse bokosi la eyakilina (sefa ya mpweya wolowa mu injini) aikemo yosongoka ija anyamata amaitcha cone. Ndawauza achimwenewa kuti ayambe adikira.

Kuti injini iwotche bwino kilogalamu imodzi ya petulo, imafuna mpweya wolemera makilogalamu 14.7, ndipo wonsewo umadutsa pa eyakilina. Taganizani za sefa ya ufa: mabowo akakula ufa umagwa msanga, koma misere nayonso imadutsa. Eyakilina yolowetsa mpweya wambiri nthawi zambiri imalowetsanso fumbi lochulukirapo.

[Maeyakilina atatu pa tebulo]

Iyi ndi ya pepala, imene imabwera ndi galimoto. Imagwira bwino fumbi losalala, ikada mumataya. Iyi ndi ya thonje lopaka oyilo, mtundu umene unatchuka ndi K&N, kampani ya ku America imene inayamba mu 1969. Imachapidwa n'kubwezeretsedwa. Yachitatuyi ndi ya siponji, yofala pa njinga zamoto zoyenda m'tchire.

Tsopano tikambe za kwathu kuno. Mu Seputembala ndi Okutobala, lowani msewu wa m'esiteti muli pambuyo pa thirakitala yonyamula tiyi. Simuona n'kutsogolo komwe. Fumbi lofiiralo lili ndi timchenga tolimba, ndipo tikalowa mu injini timapala masilinda ndi maring'i a mapisitoni ngati sandipepa. Ngati muli ndi turbo, chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini, timadyanso timapiko take. Izi simuzimva lero kapena mawa. Mudzangodabwa galimoto yayamba kumwa oyilo, kumbuyo kukutuluka utsi wabuluu, makaniko akukuuzani kuti injini ikufunika kumasula. Zimandiwawa kuona munthu atasunga ndalama zaka zingapo kuti agule Subaru kapena Altezza, kenako n'kuipha chifukwa chofuna phokoso.

Ndipo phokosolo limanamiza. Cone ikakhala pamtetete pansi pa boneti, imayamwa mpweya wotentha wochokera ku radiyeta ndi ku ekizozi. Mpweya ukatentha umapepuka: madigiri atatu alionse amachotsa pafupifupi gawo limodzi pa magawo 100 a kulemera kwake. Ndiye mukukwera zitunda zopita ku Bvumbwe pang'onopang'ono pambuyo pa lole, injini ikulira mokoma, koma mphamvu yachepa kusiyana ndi pamene munali ndi bokosi lija, limene limakoka mpweya wozizira wa kunja.

Ena amathawa kutenthako potsitsa payipi mpaka kuseri kwa bampala. Kwa ife oyenda msewu wa Mulanje nthawi ya dzinja, zimenezo ayi. Mvula yowaza ya chiperoni ilibe vuto, koma mukalowa m'chithaphwi payipi n'kumira, injini imamwa madzi. Madzi sapanikizika ngati mpweya, ndiye pisitoni ikawapeza, con rod, chitsulo chimene chimagwira pisitoniyo, imapindika pomwepo.

[Akuloza sensa pa payipi]

Apa pali sensa ya MAF, imene imauza kompyuta ya galimoto kuchuluka kwa mpweya ukulowa. Mukapaka oyilo wambiri pa eyakilina ya thonje, timadontho timamata pa kawaya ka sensayo, ndipo galimoto imayamba kunjenjemera ikaima ndi kudya petulo. Mukaichapa eyakilinayo, iume yokha pamthunzi, osaipopera ndi kompuresa chifukwa thonje limabooka. Oyilo wake ndi wapadera, si wa mu injini.

Ndiye musankhe iti? Ngati mwangosintha ekizozi basi, bokosi lisiyeni. Ikani eyakilina yabwino ya pepala, kapena yafulati youma yokwana bwino m'bokosimo, chifukwa pa injini yotere phindu la cone ndi laling'ono kwambiri. Koma ngati mwakuza turbo ndipo kompyuta yachunidwanso, pamenepo injini ikufunadi mpweya wochuluka. Gulani cone yaikulu, ya mapindo ambiri, chifukwa kukula kwake ndiko kumalowetsa mpweya popanda kukuza mabowo. Muitsekere m'bokosi lake, mpweya uzichokera kutsogolo koma m'mwamba. Chenjeraninso ndi zachinyengo zodindidwa maina otchuka: labala wake sagwira bwino payipi, fumbi limangodutsa m'mbali.

[Akumasula kilampu, atenga kansalu koyera]

Njira yoyesera ndi iyi. Mukayenda masabata awiri, masulani payipi ya kuseri kwa eyakilina, mupukute m'kati ndi kansalu koyera. Kakatuluka koyera, zili bwino. Kakatuluka kofiira, fumbi limenelo linali paulendo wopita ku masilinda. Tiyeni tione ka achimwenewa. Mwaona? Koyera mbee, ndipo iyi ndi ya pepala ija amafuna kutaya.