Pulagi ya mapini 9 pa PLC: yezani kaye musanalowetse

[Pa tebulo pali laputopu, adaputa ya USB, mita ndi mapulagi awiri a DB9]

Takulandirani. Kapulagi aka ka mapini 9 amisiri amakatcha DB9, ndipo mukalowa m'fakitale mukakapeza pa PLC (kakompyuta koyendetsa makina), pa sikelo, ngakhale pa makina oti agulidwa dzana lomweli. Vuto lake n'lakuti mapulagi awiri ofanana ndendende akhoza kunyamula zinthu zosiyana m'kati. Kulowa bwino kwa pulagi sikukutanthauza kuti chingwecho n'choyenera.

Tiyambe ndi RS-232, njira yotumizirana mauthenga pakati pa kompyuta ndi makina, yomwe inakhazikitsidwa mu 1960. Ku mbali ya kompyuta, pini 3 ndi pakamwa, imatumiza. Pini 2 ndi khutu, imalandira. Pini 5 ndi ground, waya wobwezera magetsi. Nthawi zambiri mawaya atatuwa ndi okwanira, bola pakamwa pa uyu payang'anizane ndi khutu la uyo. Ngati makina onse awiri akulankhulira pa pini 3, chingwe chiyenera kupingasa 2 ndi 3. Chimenechi ndiye chimatchedwa null modem, ndipo chingwe cha 1747-CP3 cha kampani ya Allen-Bradley, chomwe chimalowa pa PLC yawo ya SLC 5/03, ndi chamtundu womwewu.

[Kamera iyandikire pa pulagi]

Taonani timanambala iti tolembedwa papulasitiki, tovuta kuwerenga popanda tochi. Pulagi yaimuna mukaiyang'ana kumaso, mzere wa mapini asanu uli pamwamba, pini 1 ili kumanzere. Yaikazi, pini 1 ili kumanja. Mukaitembenuza kuti muwotcherere kumbuyo, zonse zasinthananso. Ineyo ndinawotchererapo ground pa pini 1 m'malo mwa 5, n'kutha masana onse ndikukalipira laputopu yosalakwa.

Tsopano tengani mita yoyezera magetsi, muiike pa DC. Waya wakuda pa pini 5, wofiira pa pini 3 ya adaputa, kachipangizo kolumikiza USB ya laputopu ndi DB9. Pini yotumiza ikakhala chete imaonetsa negative, kawirikawiri pakati pa -5 ndi -12 volts. Apa yanga ikuti -6, ili bwino. Mukaona +3.3 kapena +5, adaputayo ndi ya TTL, ya magetsi ang'onoang'ono a m'machipi, si ya ntchito iyi. Chitani chimodzimodzi pa doko la RS-232 la makinawo atayatsidwa: pakati pa 2 ndi 3, yomwe yaonetsa negative ndiyo pakamwa pake. Basi mwadziwa ngati mukufuna chingwe chowongoka kapena chopingasa, osatsegula n'komwe buku.

Chachiwiri, adaputa idzimvere yokha. Lumikizani pini 2 ndi 3 ndi kawaya, tsegulani pulogalamu ya PuTTY kapena Tera Term, sankhani nambala ya COM (dzina la doko la adaputayo) yomwe mwaiona mu Device Manager ya Windows, kenako tayipani chilichonse. Zilembo zikamabwerera pa sikirini, adaputa ndi yamoyo. Chotsani kawayako, ziyenera kusiya kuoneka. Zikapitirira, local echo, yomwe imaonetsa yokha zimene mwatayipa, ndiyo ikukunamizani, izimitseni. Mu Device Manager mukapeza uthenga wa vuto wa Code 10 pa adaputa ya chipi ya Prolific PL2303, kambiri imakhala chipi yachinyengo yomwe driver waikana. Ine ku ntchito ya fakitale ndimanyamula adaputa ya chipi ya FTDI, ngakhale ndi yodulirapo. Koma dziwani kuti kuyesa kumeneku sikukuuzani za liwiro. Adaputa imadzimva pa liwiro lililonse, pamene PLC imafuna lakelo, kaya mabiti 9600 kaya 19200 pa sekondi, pamodzi ndi parity yake, njira yozindikirira zolakwika mu uthenga.

[Abweretse S7-200 pa tebulo]

Nayi PLC ya Siemens S7-200. Doko lake ndi DB9 yomweyo, koma m'kati muli RS-485, njira ina yotumizira mauthenga. Mauthenga amadutsa pa pini 3 ndi 8, ndipo pa pini 7 pali 24 volts. Pa adaputa yanu pini 7 ndi RTS, yopemphera mpata wotumiza, yomwe sinapangidwire magetsi otero. Mukalowetsa chingwe chowongoka apa, adaputa ikhoza kupsa muli chiyang'anire. S7-200 imafuna chingwe chake cha PC/PPI, kapena chosinthira cha RS-485.

RS-485 ili ndi ubwino wake. RS-232 imathera pafupifupi mamita 15, pamene RS-485 imafika mamita 1200 pa liwiro lotsika. Chokwiyitsa n'chakuti pa mawaya ake awiri a mauthenga, makampani sagwirizana kuti waya A ndi uti, B ndi uti. Mukalumikiza zonse bwino koma makina ali duu, sinthanitsani awiriwo muyesenso, sizipsereza kanthu.