Makalata a Omvera: Mwana Wosamva M'kalasi

Omvera athu, kalata yoyamba lero yachokera kwa aphunzitsi a giredi 6 pa sukulu ina m'boma la Katete. Alemba kuti: "M'kalasi mwanga ana ndi ochuluka moti ena amakhala pansi. Mnyamata mmodzi amafika mochedwa, amawodzera pa desiki, ndipo ndikamudzudzula amandiyankha mwamwano pamaso pa anzake. Ine ndine Mkhristu, ndipo Miyambo 13:24 imati wolekerera mwana osamukwapula amamuda. Kodi lamulo lotiletsa chikwapu silikutsutsana ndi Mawu a Mulungu?"

Zikomo aphunzitsi, mtolo wanu taumva, pakuti chiyambire maphunziro aulere mu Januwale 2022 makalasi ambiri kuno kum'mawa adzaza. Pa za lamulo palibe chokayikitsa: lamulo la maphunziro muno m'Zambia, Education Act ya 2011, limaletsa mphunzitsi kumenya mwana wa sukulu, ndipo lamulo loteteza ana, Children's Code Act ya 2022, linatsindikanso zomwezo. Chikwapu chikhoza kukuchotsetsani ntchito.

Koma funso lanu ndi la chikhulupiriro. Chimene vesi la Miyambo likudana nacho ndi kulekerera mwana, kumuona akusokera inu n'kungopenya. Baibulo lomwelo, pa Aefeso 6:4, limachenjeza atate kuti asakwiyitse ana awo koma awalere m'chilangizo cha Ambuye, ndipo inu aphunzitsi mumaima m'malo mwa kholo kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Ndikupempheni tsono kuti musanapereke chilango mufufuze kumene mnyamatayo amachokera. M'midzi yathu ya ku Katete ndi Petauke anyamata ambiri amaweta ng'ombe, ena amayamba alima kaye mbandakucha, kenaka n'kuyenda mtunda wautali m'mimba mulibe kanthu. Mwana wotere akafika mapazi ali mbuu ndi fumbi, n'kulandiridwa ndi mawu omunyoza anzake akuseka, mwano ndiwo umakhala chishango chake chobisira manyazi.

Pa Mateyu 18:15 Ambuye Yesu anati m'bale akachimwa tiyambe tamulangiza pa awiri. Muitaneni pa nthawi yopuma, mukhale naye pansi pa mtengo poonekera, mumufunse modekha chimene chimamuchedwetsa. Mwanowo musaulekerere ayi: muuzeni momveka kuti walakwa, apepese, ndipo chilango chikhale chogwirizana ndi cholakwacho, monga kumaliza ntchito imene anaiphonya. Zikapitirira, itanani makolo pamodzi ndi aphunzitsi a uphungu, monga momwe vesi lotsatira limanenera za kutenga wina mmodzi kapena awiri.

Kalata yachiwiri ndi ya mayi wina wa ku Kapata, muno mu Chipata. Akuti mwana wawo wamkazi anabwezedwa kunyumba chifukwa chomenya mnzake, ndipo akufunsa ngati kukhululuka kwa Chikhristu sikukanayenera kumupulumutsa ku chilangocho.

Amayi, ndikumva kuwawa kwa mtima wanu, koma mwana amene anamenyedwayo nayenso ali ndi mayi wake, ndipo sukulu ili ndi udindo womuteteza. Mwana wanu akhoza kukhululukidwa ndi mtima wonse n'kulandirabe chilango chake. Mupite naye nokha kwa ahedi, mumve mbali zonse ziwiri osamuikira kumbuyo, ndipo mupemphe kuti ana awiriwo akumane pamaso pa akuluakulu kuti wolakwayo apepese ndi pakamwa pake asanabwerere m'kalasi.