Mawu a m'mawa: ngwazi yobwera ndi nsanza

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mu gulu lino. Lero tiwerenge Yeremiya 38:7-13, koma ndiyambe kaye ndi kankhani.

Dzulo mwana wa mlongo wanga amaonera makatuni pa foni, kenako anangotembenuka nkundifunsa kuti amalume, bwanji ma superhero ambiri ndi azungu? Ndinaseka koma funsolo linandikhala mumtima usiku onse. Mwanayo sakunama ayi. Superman anatuluka ku America mu 1938, ndipo panadutsa zaka 28 kuti mu 1966 anthu aone Black Panther, mfumu yakuda ya dziko lopeka la Wakanda. Storm, ngwazi yachikazi yakuda ya m'gulu la ma superhero la X-Men, amene mayi ake ndi a ku Kenya, anabwera mu 1975. Filimu ya Black Panther itatuluka mu 2018 anthu ambiri amapita ku sinema atatchena zovala za kwawo, ena misozi mbwee pomva chiXhosa chikuyankhulidwa ndi mfumu pa skrini. Pa Zambia pompa Malenga Mulendema anapanga makatuni a Supa Team 4, atsikana anayi a ku Lusaka opulumutsa mzinda wawo. Mwana akaona ngwazi ya khungu lake, tsitsi lake, amaimirira mowongoka, ine zimenezi sindizitenga ngati zachibwana.

Ndiye ndinamutsegulira Baibulo. Akalonga a ku Yerusalemu anali atamuponya Yeremiya mdzenje chifukwa uneneri wake sumawasangalatsa, munalibe madzi, thope lokhalokha, mneneri nkumamira pang'onopang'ono. Ansembe anali phee. Asilikali phee. Amene anayankhula ndi Ebedi-Meleki, Mkusi, munthu wochokera kumwera kwa Igupto uko komwe lero kuli Sudan, mlendo komanso wantchito chabe m'nyumba ya mfumu Zedekiya. Anapita pa chipata cha Benjamini pomwe mfumu inakhala nkuiuza pamaso kuti zomwe anthuwa achita nzoipa, munthuyu afa ndi njala mmenemo. Tangoganizani, wobwera kudzudzula akuluakulu a dziko la eni, ntchito ikanatha tsiku lomwelo mwinanso ndi moyo omwe.

Koma pomwe pamandikhudza ndi apa. Mfumu itamulola, sanathamangire zingwe zokha. Anayamba walowa mchipinda china cha m'nyumba ya mfumu kukatolera nsanza ndi zovala zakutha, nkuzitsitsira mdzenje muja, nkumuuza Yeremiya kuti aike mkhwapa kuti zingwe zisamucheke pokoka. Munthu wanjala, wofooka, khungu lake silikanapirira chingwe, iye anaganizira mpaka zimenezo. Enafe tikamathandiza munthu timakoka mwankhanza, timulengeza pa Facebook, timukumbutsa chaka chonse, wapulumuka inde koma mabala a chingwe chathu ali nawo mpaka lero.

Mphwanga uja anafunsa kuti nanga mphamvu zake zinali zotani, amauluka? Ndinati ayi, werenga wekha mutu 39 kuyambira vesi 15. Mzinda uli pafupi kugwa m'manja mwa Ababulo, Mulungu anatuma Yeremiya kwa Mkusi uja ndi uthenga wakewake, kuti iye sadzafa ndi lupanga chifukwa anakhulupirira Yehova. Mwanayo anawerenga kawiri, kenako nkundifunsa ngati angamujambule pa pepala. Ndamulonjeza makrayoni ndikamaweruka lero.