Tchalitchi chopanda mtanda ku Be'er Sheva

Moni abale anga nonse, a kumudzi, a ku Joni, ndi inu anzanga omwe mwamwazikana m'mamoshavi, midzi ya ulimi ija, kuno ku Israel. Ndajambula usiku chifukwa masana mu greenhouse simoti munthu n'kutsegulamo pakamwa, ndipo phokoso mukulimva kumbuyoko ndi anzathu a ku Thailand akuphika. Pali nkhani yomwe yandikhala pakhosi kuyambira Loweruka, ndipo ndikapanda kuitulutsa tulo sindituona.

A kuno mukudziwa kale, Lamulungu ndi tsiku la ntchito. Wofuna kupemphera ndi anzake apemphere Loweruka, tsiku lomwe ngakhale basi siyenda. Ine ndinapeza mwayi. Pali bambo ena, Myuda, omwe amabwera ndi galimoto yawo kudzatitenga kupita ku Be'er Sheva, Beereseba yemwe uja wa Abrahamu. Kumeneko kuli kagulu ka Ayuda okhulupirira Yesu. Amasonkhana m'chipinda cham'mwamba, amaimba m'Chiheberi ndi gitala, wina n'kumamasulira m'Chirasha ndi m'Chingerezi. Muli choikapo nyale cha nthambi zisanu ndi ziwiri, muli Mabaibulo a Chipangano Chakale ndi Chatsopano chomwe. Mtanda mulibe. Pakhoma mulibe, pagome mulibe, m'khosi mwa munthu mulibe.

Ndiye Loweruka ndinatenga mnzathu wina wongofika kumene. Dzina sinditchula, akudzidziwa yekha, ndipo ndi mnyamata wabwino, wolimbikira ntchito, wopemphera kuposa ambiri a ife. Amavala mtanda wamtengo waukulu ndithu, wosemedwa kwathu, pamwamba pa malaya. Tinalowa, anthu anatilandira, palibe anatchulapo za mtandawo. Mapemphero atatha, tikumwa tiyi, mnzangayo anayamba kumwazamwaza maso m'makoma. Kenako anafunsa mokweza kuti, kodi muno mtanda uli kuti? Asanayankhidwe n'komwe anatsegula Afilipi 3, pamene Paulo akunena za adani a mtanda wa Khristu, n'kuvula wake uja kuti aukoleke pa msomali womwe unali pakhoma. Akuti ndi mphatso yochokera ku Malawi.

Panali agogo ena aakazi omwe amatithirira tiyi, achikulire kwambiri, aafupi, ovala juzi ngakhale kunja kukutentha. Ndinaona dzanja lawo likuyamba kunjenjemera mpaka chivundikiro cha tipoti chikulira ngelengele. Anaika tipoti pansi bwinobwino, anapukuta manja pa siketi, n'kutuluka kukakhala pa masitepe. Sanakalipe. Mkulu wa pampingopo anangomugwira mnzangayo paphewa n'kunena kuti, m'bale, zikomo, koma uusunge pamtima pakopo.

Agogowo ndi mayi awo a bambo otiyendetsa aja. Pobwerera, tikudutsa m'chipululu muja, ndi pomwe anatifotokozera. Banja lawo linachokera ku Kishinev, mzinda womwe lero ndi Chișinău, likulu la Moldova. Kumeneko mu 1903 nyuzipepala ina inafalitsa bodza loti Ayuda apha mwana wa Chikhristu. Pa tsiku la Pasaka lenileni chipwirikiti chinayamba, ndipo pomwe chimatha Ayuda 49 anali ataphedwa, amayi atagwiriridwa, nyumba ndi mashopu zitaphwasulidwa. Mayi a bambowo anali asanabadwe, koma anakula ndi lamulo la agogo awo loti sabata ya Pasaka mazenera azitsekedwa, mwana asatuluke panja. Bambowo anati, amayi angawa amamukonda Yeshua, ndiye Yesu m'Chiheberi, anamulandira atakula kale, ndipo abale awo ena mpaka lero sawalankhula chifukwa cha iye. Amadziwa kuti anawafera pamtengo paja. Koma akaona chizindikirocho chikukwezedwa ndi dzanja la munthu, mtima umathamanga asanaganize n'komwe.

M'galimoto munali zii. Mnzanga uja anangoti, koma ife sitinaphe munthu.

N'zoona, sitinaphe munthu. Ine kwathu mtanda ndi chipatala cha mishoni komwe ndinabadwira. Ndi sukulu yomwe inandiphunzitsa a e i o u. Ndi tchalitchi chachikulu cha pa Likoma chomwe anachimanga mooneka ngati mtanda. Pa manda a bambo anga pali mtanda wachitsulo womwe tinawotcheretsa pa trading centre, tinaupaka utoto woyera ndi manja athu, dzina tinalemba ndi wakuda, ndipo chaka chino sindinakhalepo polambula. Munthu asandiuze kuti ndichite nawo manyazi. Ndimaunyadira, ndipo ndidzafa nawo. Koma ife uthenga unatipeza mochedwa, m'zaka za m'ma 1800 umu. Zomwe zinachitika ku Ulaya m'dzina la mtanda womwewu zaka mazana ambiri m'mbuyomo, ife sanatiphunzitse, kaya ku Sande sukulu kaya ku tilitonse.

Tamverani pang'ono zomwe bambo aja anayamba kutiuza, zomwe ndakhala ndikuziwerenga pa foni usiku uliwonse sabata ino. Mu 1096 magulu ankhondo ananyamuka ku Ulaya kuti akalande Jerusalem, atasokerera mitanda yansalu pa zovala zawo. Asanapite patali anayamba ndi Ayuda a m'mizinda ya m'mbali mwa mtsinje wa Rhine, ku Speyer, ku Worms, ku Mainz. Ankawauza kuti batizidwani kapena mufe, ndipo anafa mazanamazana. Mabishopu ena anayesa kuwabisa m'nyumba zawo, tiyenera kunena zimenezo, koma gulu linawaposa mphamvu. Ku York, ku England, mu 1190, Ayuda anatsekeredwa m'nsanja ya mfumu n'kuthera momwemo. Mu 1290 England inawathamangitsa onse. Spain mu 1492 inati wosafuna ubatizo achoke m'dziko. Ndipo inu a Chipulotesitanti musati izi n'za Akatolika okha. Martin Luther, mu 1543, analemba kuti masunagoge a Ayuda atenthedwe. Mu Novembala 1938 ku Germany anawatenthadi usiku umodzi, kenako n'kupha Ayuda 6 miliyoni. Hitler sankalalikira uthenga wabwino, ayi. Koma manja ambiri omwe anagwira ntchito yonyansayo anali a anthu obatizidwa, m'maiko odzaza matchalitchi.

Ndiye mukamaona zinthu zina kuno muzidziwa kumene zinachokera. Ambulansi ya kuno mwaiona, ili ndi nyenyezi yofiira ya Davide, Magen David Adom, osati mtanda wofiira ngati kwathu. Bungwe loyendetsa ambulansizi linakhala kunja kwa banja la Red Cross zaka zambiri chifukwa cha nkhani ya chizindikirochi, mpaka 2006. Ndipo tsiku lina mwana wa abwana anabwera ndi kope la masamu ku shedi komwe timapakira tomato. Ndinaona kuti chizindikiro chophatikizira manambala chilibe mwendo wapansi, chikungooneka ngati T wozondoka. M'masukulu ambiri a kuno ana amalemba choncho. Bala lafika mpaka m'kope la mwana wa pulayimale.

Ndatchula abwana, ndiye ndinene pomwepa, chifukwa izi zikundipweteka. Abwana athu maola a ovataimu amawawerenga mwanjira yawoyawo. Timatuluka mu greenhouse malaya ali chonyowa, pepala la malipiro likabwera maola ena asowa, ukafunsa akuti mawa, mawa lake silifika. Kumudzi akudikira fizi, akudikira ya feteleza, akuganiza kuti kuno ndalama timatola pansi. Ndimakwiya, ndipo nkhaniyi sitiisiya, tiitengera komwe iyenera kupita. Chiyambire pomwe gulu loyamba la anthu 221 linakwera ndege mu Novembala 2023, ife Amalawi taonetsa kuti pa ntchito sitigonja kwa wina aliyense, ndiye thukuta lathu lilipidwe lonse. Koma zomwe ndikumva madzulo m'makaravani, zoti Ayuda ndi choncho, anagulitsa ngakhale Yesu, zimenezo ayi. Wakuba maola ako ndi munthu mmodzi, ali ndi dzina lake. Kwathu m'maesiteti a fodya matenanti sanaberedwepo? Owaberawo sanali Akhristu anzathu okhala pa benchi yakutsogolo? Bambo omwe amawotcha petulo wawo kudzatitenga Loweruka lililonse osapempha shekeli ngakhale imodzi ndi Myudanso. Mawu omwe mukuwalankhula moseka aja ndi omwewo ankakuwa anthu a ku Kishinev. Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzakutsata.

Sindikunena kuti mbali inayi kulibe zolakwa. Ku Jerusalem kuli achinyamata ena omwe amalavulira malovu ansembe ndi alendo onyamula mtanda, ndipo zimenezo n'zoipa, arabi awo ena anazidzudzula poyera. Akhristu Achiarabu a ku Nazareth ndi ku Bethlehem mtanda ndi wawo kuyambira makolo, palibe angawauze kuti aubise. Koma omwe amandimvetsa chisoni kwambiri ndi awa Ayuda okhulupirira Yesuwa, chifukwa amamenyedwa uku ndi uku. Kwa abale awo ndi ogalukira. Khoti lalikulu la Israel mu 1989 linagamula kuti Myuda wokhulupirira Yesu walowa chipembedzo china, sangabwere kudzakhala nzika ngati Myuda pansi pa lamulo lobwerera kwawo. Ndiye athawire kwa ife abale awo mwa Ambuye, ifenso tiwalandire ndi funso loti mtanda wanu uli kuti?

Tsegulani Machitidwe 15. Pa msonkhano uja wa ku Jerusalem, Petro, Yakobo, Paulo, onse anali Ayuda. Nkhani inali yoti anthu a mitundu ina, ndiye ifeyo, tidulidwe kaye ndi kusunga chilamulo cha Mose kuti tilandiridwe. Mphamvu zinali m'manja mwawo, akanafuna akanatitsekera chitseko. Anakana kutisenzetsa goli. Anatilola kulowa momwe tinalili, n'chifukwa chake lero timaimba ndi ng'oma m'Chichewa, amayi a Mvano ndi a Chigwirizano n'kumavina. Tsono lero tachuluka ndi ife, mphamvu zili kwathu, ndipo tikufuna kuwasenzetsa goli lomwe iwo anakana kutisenzetsa. Yesu mwini anauza mayi wa ku Samariya kuti chipulumutso chichokera kwa Ayuda. Paulo pa Aroma 11 akuti iwe ndiwe nthambi yomezanitsidwa, usadzitame, si iwe ukunyamula muzu, muzu ndiwo ukunyamula iwe. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndipo pa Aefeso 2 akuti Khristu anagumula khoma lolekanitsa Myuda ndi wamitundu, n'kuyanjanitsa onse awiri ndi Mulungu mwa mtanda, atapha nawo udani. Ntchito ya mtanda ndi imeneyo. Ngati kamtengo kam'khosi mwangamu kakuthamangitsira gogo wa anthu pa masitepe, ndiye kuti kakugwira ntchito yosiyana ndi ya mtanda weniweniwo. Wanga ndimavalabe, koma ndikamalowa m'chipinda chija ndimaulowetsa m'kati mwa malaya, ndipo chikhulupiriro changa sichichepa ngakhale pang'ono.

Akuluakulu a mipingo ena anayambapo kale kukonza. Papa John XXIII mu 1959 anachotsa mawu onyoza Ayuda m'pemphero la Lachisanu Loyera. Mu 1965 msonkhano waukulu wa mabishopu a Katolika wa Vatican II unanena momveka kuti imfa ya Yesu isaikidwe pa Ayuda onse a nthawi imeneyo kapena a lero. Papa John Paul II, yemwe uja anabwera kwathu ku Malawi mu 1989, analowa m'sunagoge wa ku Rome mu 1986 n'kuwatchula Ayuda kuti akulu athu, ndipo mu 2000 anaika kapepala kopepesa m'mng'alu wa Khoma la Kumadzulo ku Jerusalem. A Lutheran a ku America mu 1994 anakana poyera mawu a Luther aja. Zinalembedwa, zinasainidwa, koma kumatchalitchi athu ang'onoang'ono sizinafike.

Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa momwe timachitira sewero la Lachisanu Loyera kwathu. Achinyamata omwe apatsidwa mbali ya Ayuda amadzipaka makala, kunyamula zibonga, kukuwa mpachikeni mpachikeni, ana n'kumawagenda ndi zitsononkho. Mwana amachoka pamenepo akudziwa kuti Myuda ndi munthu woipa, osadziwa kuti wopachikidwayo ndi Myuda, amake akulira pansi paja ndi Myuda, Yohane waimirira pambali pawo ndi Myuda, ndipo okhoma misomali ndi asilikali a Chiroma. Achimwene anga, inu ndi amene mumakonza seweroli kwathu kuja, ndipo ndikudziwa mumamvera pulogalamu ino pa foni ya alamu. Musanagawe mbali chaka chino mundiimbire pa WhatsApp, makamaka Lachisanu madzulo tikaweruka. Ndalama ya bandulo ndikutumizirani.