Kutulutsa mpweya wotsekereka m'njira za madzi oziziritsa injini

Owonera athu, galimoto imene mukuionayi ndi Toyota Probox, ndipo dzulo inasinthidwa paipi ya pansi ya rediyeta imene inang'aluka. Madzi anathiridwa mpaka kukamwa kwa rediyeta, koma galimotoyi itangoyenda pang'ono, muvi wa geji ya kutentha kwa injini unayamba kukwera ndi kutsika, hita inkatulutsa mphepo yozizira, ndipo kuseri kwa dashibodi kunkamveka madzi akuchita khuvukhuvu. Zonsezi zikusonyeza kuti mkati mwatsala mpweya.

Madzi akakhuthulidwa, mpweya umalowa m'malo mwake, ndipo pothira madzi atsopano suthawa wonse, chifukwa injini ikazizira thermostat, kachitseko kamene kamalola madzi kupita ku rediyeta injini ikatentha, imakhala yotseka, choncho mpweyawo umabisala m'malo okwera monga m'mutu wa injini ndi m'karediyeta kakang'ono ka hita. Pampu ya madzi a injini inapangidwira kukankha madzi, ndipo ikakumana ndi mpweya imangozungulira pachabe. Chitsulo chimene chakhudzana ndi mpweya m'malo mwa madzi chimatentha kwambiri, ndipo mutu wa injini wa aluminiyamu ukhoza kupindika mukukwera phiri ngati la pamsewu wochokera ku Chikwawa kupita ku Blantyre.

Ntchitoyi iyambike injini itazizira kotheratu. Chivindikiro cha rediyeta chimasunga mphamvu yopanikiza madzi (pulesha) ya pafupifupi 1 bar kuti madzi asawire pa madigiri 100, ndipo mukachitsegula injini ili yotentha, madziwo amawira nthawi yomweyo n'kukuthovukirani kumaso. Imikani galimoto ndi kukoka buleki ya pamanja pamalo oti kutsogolo kukhale kokwera, kuti kukamwa kwa rediyeta kukhale pamwamba pa njira zonse za madzi, pakuti mpweya umathamangira kumwamba.

Thirani pang'onopang'ono kudzera m'fanelo, uku mukufinya paipi ya pamwamba monga ndikuchitiramu, ndipo muona thovu likutuluka. Ngati injini yanu ili ndi kabawuti kotulutsira mpweya, kamasuleni mpaka madzi atatuluka opanda thovu, kenako mukamange mosakakamiza, chifukwa tina ndi tapulasitiki. Chothiracho chikhale coolant, madzi a mankhwala oziziritsira injini. Wapinki wa Toyota amabwera wosakaniza kale, pamene wina amafuna kusakaniza theka ndi theka ndi madzi a distilled, aja timathira m'batire. Madzi a pamjigo ali ndi mchere umene umatseka timapaipi ta rediyeta, ndipo sateteza chitsulo ku dzimbiri.

Tsopano lizani injini chivindikiro chili chotsegula, ikani hita potentha kwambiri, ndipo muzimitse AC, chifukwa imayatsa fani nthawi isanakwane n'kukusokonezani. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa, pakuti akaona rediyeta yadzaza amatseka n'kunyamuka. Thermostat ya injini iyi imayamba kutseguka pakati pa madigiri 80 ndi 84, ndipo isanatseguke madzi sazungulira njira yonse. Muyenera kudikira, mwina mphindi 15 kapena kuposerapo, mpaka mapaipi onse awiri a rediyeta, ya pamwamba ndi ya pansi, atatentha. Taonani mmene madzi atsikira mwadzidzidzi m'fanelomu: thermostat yatseguka, ndipo malo amene munali mpweya alowa madzi. Onjezerani, pondani mafuta pang'ono kangapo mpaka 2,000 kapena 2,500 pa geji ya liwiro la injini, ndipo manja ndi zovala zikhale kutali ndi fani, chifukwa imayaka yokha mosachenjeza. Fani ikayaka n'kuzima kawiri, hita ikutentha, thovu latha, zimitsani injini ndi kutseka chivindikiro.

Pali amakaniko ena amene amachotseratu thermostat ponena kuti kuno n'kotentha. Ine sindigwirizana nazo, chifukwa injini imene ikuchedwa kufika pa kutentha kwake koyenera imamwa mafuta ambiri ndiponso imatha msanga. Chofunika poika thermostat yatsopano ndi kuonetsetsa kuti kabowo kake kokhala ndi kachitsulo kogwedera kaloza kumwamba, popeza mpweya umadutsira pamenepo.

Dzazani kabotolo ka pambali pa rediyeta, kosungira madzi owonjezera, kufika pa mzere wa FULL, ndipo mawa m'mawa injini itazizira muyang'anenso, chifukwa pozizira imayamwa madzi a m'kabotoloko kubwezera malo a mpweya wotsala. Kutsika kamodzi kapena kawiri si vuto. Koma ngati thovu silikutha ngakhale papite theka la ola, madzi akucheperachepera popanda podontha, ku ekisozi kukutuluka utsi woyera wonunkhira motsekemera, kapena oilo wasanduka ngati tiyi wamkaka, umenewo si mpweya wotsekereka ayi. Ndi utsi wa m'masilinda umene ukudutsa pa gasket ya mutu yopsa, chomatira cha pakati pa mutu wa injini ndi thunthu lake, ndipo galimotoyo isayendenso mpaka makaniko atapima injiniyo.